Ba Sakala ndi chitsime cha mchere

Pa maliro a Ba Sakala Loweruka lapitali, wapampando wa komiti ya komboni yathu anaimirira, n'kukonza tayi, n'kunena kuti malemuwa anali maso a boma, kuti chifukwa cha iwo anthu a ku Kanyama takhala tikumwa madzi oyezedwa. Azimayi anavomera cham'mphuno. Ine ndinatuluka mu tenti n'kukalavula kuseri kwa lole. Munthu yemweyo, ali mnyamata, ndi amene anaponya mwala woyamba pa malata a Ba Sakala. Ndinamuona ndi maso angawa, chifukwa ndine telala, ndipo makina anga akhala pakhonde loyang'anana ndi khomo lawo chibwerereni kuchokera ku Katete.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa mphuno yokwinya nthawi zonse ngati wadutsa kumene pafupi ndi galu wakufa. M'komboni tinkawatchula kuti Ba Mabotolo. Ukawapatsa madzi sankamwa msanga ayi. Ankayamba akweza kapu kudzuwa, kuipendeketsa, kununkhiza, kenako n'kuibweza pa tebulo mwaulemu wonse, madzi ali chidzadzireni. Kwathu kukana madzi pakhomo pa munthu ndi chipongwe chachikulu, ndiye anthu ankati ndi onyada. Pa ukwati ndi pa maliro, beseni losambira m'manja likamazungulira, iwo ankabisa manja m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo kawo. Mawu awo anali amodzi: "Atase!" Ankawanenera pansi, osauza munthu, koma tonse tinkawamva.

Ntchito yawo inali ku ofesi ya boma yoona za madzi a m'mitsinje. Zaka zabwino galimoto inkabwera kudzawatenga pakhomo, n'kumayenda nawo m'timitsinje totuluka mu Lusaka mpaka kutsikira ku Kafue. Ankatunga madzi m'mabotolo kuti akayezedwe, komanso anali ndi kabokosi kakuda ka singano ndi kawaya. Akamiza kawayako m'madzi, singano inkasuntha n'kuonetsa kuchuluka kwa mchere. Madzulo ankakhala pa benchi langa n'kumandiphunzitsa zimene sindinawafunse: kuti mtsinje ukachuluka mchere masamba a alimi amapsa ndipo nsomba zimathawa, kuti mchere sumera wokha m'madzi, pamakhala amene wauika, kaya fakitale, kaya feteleza, kaya zonyansa za anthu, ndipo ntchito yawo ndi kuutsatira mpaka pakhomo pa mwini wake. Ankakonda kunena kuti madzi saiwala kumene adutsa. Ine ndinkangoponda makina n'kumati, "Eya, bambo," chifukwa kutsutsana nawo kunali kutaya tsiku.

Kenako dziko linayamba kuphwa. Galimoto ija inakwera pa miyala kuseri kwa ofesi, matayala atapita kaya kuti. Ba Sakala anayamba kupalasa njinga, mabotolo akulira kumbuyo. Mankhwala oyezera anatha, ndipo tsiku lina anapeza wosesa akukhuthulira mabotolo awo onse m'maluwa, poti malo osungira anali atadzaza. Anandiuza zimenezi madzulo ake. Komabe m'mawa mwake anakwera njinga. Mabatire a kabokosi atatha anachotsa a mu wailesi yawo, nyumba n'kukhala zii, ngakhale mpira osamvera.

Zinali zaka za mizere. Mzere wa unga wa nsima, mzere wa sopo, mzere wa saladi, mafuta ophikira aja, ndipo nthawi ina ngakhale mchere, mchere weniweniwu, unasowa m'mashopu. Amene sanadye chibwabwa, masamba a maungu aja, chopanda mchere mlungu ndi mlungu asaweruze msanga zimene ndikunenazi.

Kumunsi kwa msewu wathu kunkakhala mayi wina wamasiye, Amake Jelasi, wamphamvu, wa pakamwa potentha, wodziwa kuseka ndi kusekesa. Anali ndi chitsime pabwalo pake, chokumbidwa pakati pa miyala. Madzi ake anali ndi kamchere pang'ono, kongomveka kumapeto kwa lilime. Kale anthu ankachinyoza chitsimecho, ankangochapira. Mchere utasowa, wina anazindikira kuti nyemba zophikira madzi amenewo zimamveka bwino. Basi! Mbiri inathamanga komboni yonse. Mzere wa ndowa unkayambira pachitsime mpaka kukhota pa shabini. Azimayi ankati Mulungu watikumbukira, watiikira mchere pansi pa nthaka. Amake Jelasi anasanduka munthu wamkulu, wopatsidwa moni ndi manja awiri.

Tsono vuto linali apa. Jelasi, mwana wa mayiyo, anakwatira Esinati, mwana yekhayo wa Ba Sakala, amene anamulera okha mkazi wawo atamwalira. Esinati ankakhala pabwalo lomwelo la chitsime, ali ndi kamwana kakakazi kongoyamba kuyenda, dzina lake Lute. Ba Sakala ndi Amake Jelasi anali pachisewele, ndipo asewele salankhulana mawu olimba pamaso. Amapatsana ulemu, amafunsana za thupi, nkhani yovuta imadzera kwa ankhoswe.

Tsiku lina masana Ba Sakala anapita kukaona mdzukulu, kabokosi kali m'chikwama. Anapempha kuti atungeko. Anamiza kawaya mu ndowa, singano n'kulumpha kuposa mmene inkalumphira ku ngalande za mafakitale. Anadzaza botolo, kutsanzika, n'kumapita osanena kanthu. Sanafike n'komwe pakhonde langa pamene Amake Jelasi anali atauza kale mzere wonse: "Mwaona? Boma yabwela kupima! Manzi yanga ni yopimiwa!" Mzere unakula kawiri.

Madzulo ake Ba Sakala anaitana nkhoswe wa Esinati, mkulu wina wofatsa dzina lake Ba Mvula, n'kukhala naye pa benchi langa. Anamuuza mosapsatira. Kanyama wakhala pa mwala wa mabowo okhaokha. Zimbudzi zathu ndi zosaya, chifukwa ukakumba pang'ono wagunda mwala. Zimene timasiya m'chimbudzi zimayenda m'mabowomo n'kukatulukira m'chitsime.

"Mchere umene mukuyamikawo ndi mkodzo wathu womwe," anatero. "Mukawauze asewele anga kuti atseke chitsime mvula isanabwere. Mdzukulu wanga akumwa zimenezo."

Ba Mvula anavula chisoti n'kukanda mutu. "A Sakala, mawu amenewa ndikawatulutsa bwanji pamaso pa munthu wamkulu?"

"Monga ndawatulutsira ine."

Ha, ankhoswe! Ba Mvula anakauza nkhoswe wa kuchimuna kuti madzi mwina ali ndi tizinthu. Wa kuchimunayo anakauza Amake Jelasi kuti asewele awo akuti aziphimba chitsime ndi lata kuti fumbi lisamagweremo. Uthenga unasambitsidwa pakamwa paliponse mpaka unafika woyera mbee. Amake Jelasi anakondwa, anaphimbadi chitsime, n'kutumiza Esinati ndi mbale ya nyemba yothokozera, zophikidwa ndi madzi omwewo. Ba Sakala analandira ndi manja awiri. Esinati atangokhota, ndinawaona akukumba kadzenje kuseri kwa nyumba, nkhope atayang'anitsa kumbali.

Sindiwayeretsa ayi. Anali ouma mutu, ndipo ankaganiza kuti munthu akaona chinthu ndi maso ndiye kuti wamvetsa. Ku ofesi kunali katini kotsala ka zaka zabwino, ka utoto wobiriwira umene ankathira m'madzi pofuna kudziwa njira imene amayenda pansi pa nthaka. Utoto wosapha ngakhale nyerere. Akanaitana anthu, akanaitana abusa kaya ine telala, n'kunena kuti taonani, ndikuthira umu, mawa mukayang'ane umo, bwenzi nkhani ili ina. Koma kutero kukanakhala kuyalutsa asewele pagulu, ndiye anasankha kuti madzi alankhule okha. Lamulungu masana anavala jekete, n'kupita kukacheza, n'kuchita chinthu chimene mwamuna wa msinkhu wawo sachita: anapempha chimbudzi pakhomo pa asewele. Mayi wina wa lendi pabwalopo anawaona akulowa thumba la jekete lili lotupa, n'kutuluka lili lophwa.

Lolemba m'mawa ndinamva mfuu ndisanatsegule n'komwe makina. Ndowa yoyamba inatuluka yobiriwira, kubiriwira kowala kochititsa mantha. Wina anangoti, "Ndulu ya ng'ona!" Ndipo zinathera pomwepo. Ndani sadziwa kuti ndulu ya ng'ona ndiye poizoni wa afiti? Nanga ndani m'komboni muno amapita ku Kafue, kwa ng'ona, mwezi ndi mwezi, n'kubwerako ndi mabotolo?

Gulu linabwera ndi ndowa ija patsogolo. Ba Sakala anatuluka akumwetulira, ndikunenetsa, akumwetulira, kanthawi kokhako kamene ndinaona mano awo onse. Ankaganiza kuti apambana.

"Ni imwe mwachita ivi?" anafunsa Amake Jelasi, chitenje atamangira m'chiuno.

"Ndine, asewele. Ndinathira m'chimbudzi dzulo, lero zatulukira m'chitsime. Tsopano ganizani: china n'chiyani chimene chimayenda njira yomweyo?"

"Mwamvela? Bavomela beka!"

"Sindinathire m'chitsime, ndati m'chimbudzi! Taganizani, anthuni!"

"Mfwiti imasankha pothila? Mwana wanu nimusunga ine, muzukulu wanu nimulela ine, manje mufuna kutisiliza tonse? Chifukwa cha jelasi chabe, ati banthu banilemekeza!"

Ba Sakala anatenga kapu, kutunga madzi obiriwirawo kuti amwe pamaso pawo, aonetse kuti utotowo si poizoni. Kapu inafika pamilomo. Ndiye mphuno ija inakwinya. Anakumbukira kumene madziwo adutsa, dzanja n'kukana. Anaitsitsa. Abale, pa moyo wawo wonse kapu imodzi yokha ndi imene anayenera kumwa, ndipo sanathe. Mwala woyamba unagwa pa malata nthawi yomweyo. Ine ndi Ba Mvula tinawakokera m'nyumba mwanga, magazi akuchucha pa khutu.

Anyamata anakapa chitsime masiku angapo mpaka kubiriwira kunatha. Mneneri wina anabwera kudzapempherera, anathiramo mafuta, n'kulengeza kuti mdani wagonja. Amake Jelasi analawa, n'kunena kuti kamchere kabwerera. Anthu anaimba nthungululu, mzere n'kuyambiranso.

Ku ofesi nako anawaitana Ba Sakala. Osati kudzafunsa za chitsime, ayi. Anawadzudzula chifukwa chowononga utoto wa boma pa malo osawakhudza. Bwana wawo anati ntchito yawo ndi mitsinje, ndipo kumene ife tikukhala, malinga ndi mapu a boma, ndi tchire lopanda anthu, tsono chitsime cha m'tchire sichingakhale ndi vuto. Ba Sakala anabwera n'kukhala pa benchi langa, mutu uli ndi bandeji. "Telala, ukudziwa kuti iwe kulibe?" anandifunsa. Pamene boma linayamba kuchepetsa antchito, dzina lawo linali m'gulu loyamba.

Mvula inabwera monga imabwerera ku Kanyama. Madzi anadzaza misewu, zimbudzi zinasefukira, tinkayenda pa njerwa zoyalidwa. Kolera inalowa. Sindiwerenga amene tinaika. Ndinena za mmodzi: Lute anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, tsiku lotsatira kunali maliro. Pobwera kumanda, pachipata panali beseni loti aliyense asambe m'manja monga mwa mwambo, madzi ake a m'chitsime chomwecho. Anthu onse anamizamo manja. Ba Sakala anaima, kuliyang'ana beseni, n'kubisa manja m'thumba. Kunong'onezana kunayenda ngati moto wa pa udzu: wakana kusamba maliro a mdzukulu wake, ndiye kuti akudziwapo kanthu. Esinati anadzuka pamphasa, maso otupa, n'kunena pamaso pa anthu onse kuti, "Imwe sindinu atate anga." Iwo anatenga njinga yawo n'kuikankha mpaka kunyumba osakwera.

Mlungu womwewo anagula chigubu chachikasu. Tsiku lililonse ankapalasa kukatunga pa pompi ya kutauni, kwa mnzawo wina wa mlonda, kuwiritsa madziwo pa mbaula, n'kukasiya chigubucho pachipata cha Amake Jelasi m'mawa. Madzulo ankapita kukachitenga. Ankachipeza chopanda kanthu, chitagonekedwa, dothi la pachipata lili lonyowa. Amake Jelasi anali atalamula kuti madzi a mfiti azitayidwa pomwepo, aone yekha. Esinati anabereka ana ena, atatu, ndipo sanawabweretsepo kwa agogo awo ngakhale kamodzi. Akakumana nawo pamsika ankatembenukira ku tomato.

Ndinakangana nawo kangati pa nkhani imeneyi! Ndinkati, "Bambo, makala akwera, mawondo anu atha, mukuthirira chipata cha munthu wokudani. Lekani!" Iwo ankati zisiye, bola pakhomo pamenepo pali kadothi kamodzi kodziwa madzi abwino. Tsiku lina ndinawalanda chigubu n'kuchibisa pansi pa nsalu zanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakalipa, mpaka ndinachitulutsa ndekha. Ana amene anawaponya miyala anakula n'kukwatira, mchere unabwerera m'mashopu, mapompi ogulitsa madzi anafika m'komboni, ouma masiku ambiri kuposa otuluka, ndipo mapompi akauma anthu ankabwerera kuchitsime. Iwo njinga itawakanika ankanyamula chigubu pamanja, kupuma pa ngodya iliyonse.

Anamwalira Lachitatu m'mawa, ali pa mpando, mbaula ikadali yofunda. Ndine ndinawapeza, nditaona kuti dzuwa lakwera chitseko chili chotseka. Tisanapite nawo ku mochale, ife amuna tinati tiwapukute n'kuwaveka zoyera. Mapompi anali ouma mlungu wonse. Mnyamata wina anathamanga n'kubwera ndi ndowa, ndipo sindinafunikire kufunsa kumene watunga. Munthu amene anathawa madzi amenewa theka la moyo wake, lero sangathenso kubisa manja, ndiye tiwathire pankhope?

Ndisanatsegule pakamwa, pakhomo panaima Esinati, mayi wa imvi tsopano. Sanalowepo m'nyumba imeneyo chiyambire maliro a Lute.

"Chosani iyo ndowa," anatero. "Atate sasamba aya manzi."

Kuseri kwa chitseko kunali chigubu chachikasu chija, chodzaza madzi amene anawiritsa m'mawa womwewo n'kulephera kukasiya. Esinati anachitenga, kugwada, kunyowetsa nsonga ya chitenje n'kuyamba kupukuta nkhope ya bambo ake. Amuna enawo anatuluka. Ine ndinatsala.

"Ba Telala," anatero osandiyang'ana, "bana banga bonse batatu bakulila pa ichi chigubu. Nenze kuthila mu nongo ya dothi pansi pa bedi. Pa geti nenze kutaya manzi yosukila mbale, kuti apongozi baone kuti pananyowa."

"Zaka zonsezi?"

"Zonse."

"Nanga iwo ankadziwa?"

Anafinya chitenje. "Sininabauzeko. Nenze kuyopa. Bakanaziba, sembe banaseka pa msewu, banthu bonse baona."

Ndinafuna kumutukwana, Mulungu andikhululukire. Liwu limodzi lokha, Esinati, pamsika, pakati pa tomato, ngakhale kungogwedeza mutu! Munthu ankabwera madzulo aliwonse kudzaona dothi lonyowa, n'kubwerera nalo mumtima kukagona. Koma ndinayang'ana msana wake ukugwedezeka, ndinakumbukira pakhomo pamene anakwatiwa, n'kumuleka. Madzi anathera pa mapazi a bambo ake, chigubu n'kugwa cham'mbali.

Loweruka tinawaika. Wapampando analankhula bodza lake lija. Amake Jelasi, okalamba kwambiri tsopano, anatumiza mphika waukulu wa nyemba, ndipo ndinamva mayi wina akunyambita chala n'kunena kuti nyemba za pakhomo paja sizisintha kukoma. Atase!

Nyumba ya Ba Sakala ili chitsekere. Mabotolo amene anali pawindo anatengedwa tsiku lomwelo la maliro ndi ogulitsa parafini ndi saladi. Kabokosi ka singano ana akuseweretsa mumsewu, amati ndi wailesi. Pa benchi langa, mbali imene ankakhala, thabwa linasalala mpaka kuwala, ndipo makasitomala sakhalapo, kaya chifukwa chiyani. Chigubu chachikasu ndinachikoleka pa msomali wa pakhonde pawo, pamene ankachikoleka, ndipo mphepo ikawomba chimagunda khoma. Mapompi akadali ouma. Lero m'mawa, ndikupita kukagula ulusi, ndinadutsa kumunsi kuja. Mzere unali utakhota pa shabini monga kale, ndipo chakumapeto kwake kunaima mwana womaliza wa Esinati, wamtali, wowonda, mphuno ya agogo ake yeniyeni, ali ndi ndowa m'manja.